Tchizulo yanga yoyamba: kuchokera pa vaisi mpaka m'ndowa ya madzi

Tili Fomu 3, aphunzitsi athu a Metalwork anatiuza kuti aliyense asule tchizulo yodulira chitsulo. Tsiku loyamba sitinagwire chida chilichonse. Anatiimika pakhomo la wekishopu n'kuyamba kutiyang'ana kumapazi. Amene anavala masilipasi anabwezedwa kukavala nsapato zotseka. Tayi anati tivule, malaya a manja aatali tipinde mpaka m'chigongono, epuloni timangire kumbuyo. Anatilozera ndowa ya mchenga, bokosi la mankhwala ndi batani lozimitsira makina onse, kenaka anafunsa mmodzimmodzi kuti aloze yekha. Panthawiyo ndinkaona ngati akutichedwetsa.

Ntchito inayambira pa kusankha chitsulo. Pa benchi panali zidutswa ziwiri zofanana maonekedwe. Aphunzitsi anavala magalasi oteteza maso, nafenso tinavala, ndipo anagunditsa chidutswa choyamba pa makina onolera. Chinatulutsa nthethe zazitali zoongoka. Chachiwiri chinatulutsa nthethe zambiri zophulikaphulika ngati nyenyezi. "Ichi ndiye chathu," anatero. Choyambacho ndi chitsulo chofewa, chimene kaboni wake (chinthu cha m'chitsulo chimene chimachititsa kuti chithe kulimba) safika 0.3 peresenti, ndipo ngakhale uchiotche bwanji n'kuchiviika m'madzi sichilimba. Cha tchizulo chimakhala ndi kaboni pafupifupi 0.8 peresenti. Apa ndinakumbukira agogo anga aamuna kumudzi, amene ankasula nkhwangwa ndi zikwanje. Ankakana zitsulo zina zonse, n'kumafunafuna sipuling'i ya galimoto yakale. Mawu oti kaboni sankawadziwa, koma chitsulo ankachidziwa.

Ndinayeza mamilimita 150 ndi rula yachitsulo, ndinalemba mzere ndi kachitsulo kosongoka pogwiritsa ntchito sikweya (chida chothandiza kulemba mzere wopingasa molunjika), ndinamanga chitsulocho pa vaisi (chopanira cha pa benchi) mzere uli pafupi ndi milomo yake kuti chisanjenjemere. Sowo yodulira zitsulo ili ndi malamulo ake. Mano amayang'ana kutsogolo, ndiye umakankha ndi mphamvu popita, pobwerera umapepuza dzanja. Mano atatu kapena kuposa ayenera kukhala akukhudza chitsulo nthawi zonse, n'chifukwa chake mapaipi opyapyala amafuna mpeni wa mano 32 pa inchi, pamene chitsulo chonenepa ngati changachi chimadulika bwino ndi wa mano 18. Ukathamanga, mpeni umatentha n'kubuntha, mwinanso kuthyoka. Ndinadula pang'onopang'ono, mpeni wonse ukuyenda kuchokera kumutu mpaka kumchira.

Sabata yotsatira tinapita pa chipala. Tinkagwira ntchito awiriawiri, wina akupukusa chopemerera moto, wina ali ndi mbaniro ndi nyundo. Nsonga ya chitsulo ikafiira kwambiri mpaka kuyamba kuoneka ngati lalanje, umaitulutsa msanga, kuiika pa chitsulo chosulirapo n'kumenya mbali iyi, kutembenuza, kumenya mbali inayo, kuti iphwaphwatike mofanana. Kufiira kukayamba kuzilala umasiya. Ukapitiriza kumenya chitsulo chozizira chimachita ming'alu m'kati imene maso saona. Ukachisiyanso pamoto mpaka kuyamba kuthetheka chokha, chapsa, ndipo nsongayo ndi yodula n'kutaya.

Pamenepa ndi pomwe ndinapsa. Mnzanga anali atasiya chitsulo chake m'mphepete mwa benchi, chitada bii ngati chozizira. Ndinachigwira kuti ndichisunthe. Zala zitatu zinamatirira kwa kamphindi ndipo ndinamva fungo la khungu ndisanamve ululu. Aphunzitsi sanakalipe. Anandigwira mkono kupita nane pa mpope, natsegula madzi, nati ndisachotse dzanja mpaka mphindi 20 zitakwana. Mnzathu wina anathamanga kuti akatenge mankhwala otsukira mano, iwo anamuletsa: pa bala la moto sapakapo mankhwala a mano, mafuta kapena dzira, koma madzi ozizira oyenda, kenaka nsalu yoyera. Ndili pampope pomwepo anaitana kalasi yonse.

"Chitsulo chofiira sichiotcha munthu kawirikawiri, chifukwa aliyense amachiopa," anatero. "Chimene chimaotcha ndi chakuda."

Chitsulo chimasiya kuwala chikadali ndi kutentha kopitirira madigiri 400 a Celsius. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chochokera pamoto tinkachiika pansi, pakona imodzi, n'kulembapo ndi choko kuti CHOTENTHA. Mpaka lero ndikafuna kutola chitsulo pafupi ndi chipala, ndimayamba ndayandikiza kuseri kwa dzanja kuti ndimve ngati chikutulutsa kutentha.

Zala zitapola ndinabwerera. Ndinatenthetsanso nsonga ija mpaka kufiira, n'kuikwirira m'phulusa kuti izizire yokha usiku wonse. Kuzizira pang'onopang'ono kumafewetsa chitsulo kuti tupa lithe kuchidya. Tupa nalonso limadya popita kutsogolo kokha. Lopanda chogwirira sitinkaloledwa ngakhale kulinyamula, chifukwa mchira wake wosongoka umalowa m'chikhatho likangokodwa. Tizidutswa ta chitsulo tinkachotsa ndi burashi, osati kupemerera ndi pakamwa, poti timalowa m'maso. Ndinapala mbali ziwiri mpaka m'mphepete modulira munapanga madigiri 60, ndikumayeza ndi kachitsulo kopyapyala kamene aphunzitsi anadula pa ngodya yomweyo. Ndinapalanso kumutu kuti m'mbali mukhale mozungulira pang'ono. Mutu wa tchizulo ukamenyedwa kwa nthawi yaitali umatambasuka ngati bowa, ndipo tizibenthu take timauluka ngati chipolopolo. Ukaona wayamba kutero, umaunola usanamenyenso.

Tsiku lolimbitsa ndi limene ndimalikumbukira kwambiri. Aphunzitsi anatseka zitseko ndi mazenera a mbali ya dzuwa, n'kusiya a mbali ina kuti utsi uzituluka, chifukwa pa dzuwa lowala maso amanama, chitsulo chimaoneka chozizira kuposa mmene chilili. Ndinaika mamilimita pafupifupi 50 a nsonga m'makala. Itafiira ngati phwetekere wakupsa, anandipatsa maginito omangidwa pa waya. Chitsulo chikafika madigiri pafupifupi 770 maginito amasiya kuchikoka. Ndinayesa koyamba, anamata. Ndinabwezera pamoto. Kachiwiri sanamate. Ndinadikira pang'ono chabe, kenaka ndinaviika theka la mbali yofiirayo m'ndowa, choimirira, ndikuyendetsa m'mwamba ndi pansi kuti pasakhale mzere umodzi pomwe kuzizira kwathera. Madzi analira tswee, nthunzi n'kukwera kumaso.

Apa nsonga imakhala yolimba ngati galasi, ndiponso yosachedwa kusweka ngati galasi. Mnzanga amene ankapukusa moto uja anaviika yake yonse nthawi imodzi n'kupita nayo pa vaisi kukayesa. Nyundo yoyamba, nsonga inabenthuka n'kugunda pa magalasi ake, n'kusiyapo kachizindikiro pakati penipeni pa diso lamanja. Anawavula, anawayang'ana nthawi yaitali, osayankhula.

Ndiye kulimba kuja kumafunika kukuchepetsa pang'ono, ndipo moto wochitira zimenezi ndi womwe watsala kumtunda kwa tchizulo, kumene sikunalowe m'madzi. Ndinaitulutsa msanga, ndinapukuta nsonga ndi sandipepa mpaka kuyera, n'kuyang'anitsitsa. Mitundu inayamba kutsika kuchokera kumtunda kulowera kunsonga. Woyamba unali ngati udzu wouma wofolerera nyumba, umenewo ndi madigiri pafupifupi 230. Pambuyo pake panabwera wonga tiyi wopanda mkaka, kenaka wonga khungu la biringanya, pafupifupi 280, ndipo kumbuyo kwake kunkabwera buluu. Zonsezi zimachitika m'masekondi ochepa. Tchizulo imafuna wa biringanya uja ufike m'mphepete modulira. Ukaviika pa mtundu wa udzu wouma uja idzabenthuka, ukadikira mpaka buluu atadutsa idzapindika. Aphunzitsi anaima kumbuyo kwanga, manja kumsana, osanena kanthu. Ndinafunitsitsa atandiuza kuti tsopano. Biringanya atangokhudza m'mphepete ndinaponya yonse m'ndowa.

Itazizira anaitenga, napititsa tupa pa nsonga. Tupa linatsetsereka, likungodya pang'ono kwambiri. Kumutu linadya bwinobwino, monga ziyenera kukhalira, pakuti mutu sulimbitsidwa kuti usamasweke ndi nyundo. Anandibwezera, namanga kachitsulo kofewa ka mamilimita 3 pa vaisi.

"Dula tione. Maso pa nsonga, osati pamutu. Enanu chokani kutsogolo kwake."

Ndinavala magalasi, ndinagwira tchizulo ndi dzanja lamanzere, la zipsera lija, n'kuyamba kumenya. Chitsulo chinayamba kusendeka, kachidutswa kakupiringizika kutsogolo kwa nsonga mpaka kugwa pansi. Ndinatembenuza tchizulo kuyang'ana m'mphepete: munalibe pobenthuka kapena popindika. Aphunzitsi analemba malikisi m'buku lawo, nanditumiza kukapukuta vaisi, kupachika nyundo ndi tupa pamalo pake, ndi kusesa pansi belu lisanalire.