Mmene kabudula wanga anamvekera Glasgow yonse

Popeza tsopano aliyense akandiona ku tchalitchi akumaika chibakera pakamwa nkumati "ova ova", mpaka ndi ana a Sande sukulu omwe, ndaona kuti bola ndiifotokoze ndekha nkhaniyi, chifukwa momwe ikuyendera ku gulu la amayi yamera kale nyanga ndi mchira. Apolisi sanabwere. Ndibwerezenso, sanabwere. Helikoputa yomwe ena akuti inazungulira nyumba yathu imangodutsa ulendo wake, sinkandidziwa nkomwe.

Chinthucho ndinagula mapaundi 15 pa car boot sale, kaunjika wa azungu uja amayala katundu kumbuyo kwa galimoto Lamulungu mmawa. Kawailesi kam'manja, kakuda, kaeriyo kake kotalika ngati supuni, tchaja yake pomwepo. Mayi wogulitsayo anati kanali ka malemu bambo ake, iye sadziwa ndi poyatsira pomwe. Ine mumtima ndinati iyi ndi CB basi, wailesi yoyankhulirana ija ya madalaivala. Za CB ndinkazidziwa, kapena tinene kuti ndinkaziona, chifukwa mnzanga wa ku Poland yemwe timaperekera naye maphasulo ali nayo mu vani mwake, ndipo anandiuza kuti kuno ku UK kuyambira 2006 CB siifuna laisensi, umangogula, kulumikiza, nkuyamba kubwebweta. Tchanelo 19 ya madalaivala, 9 ya pangozi, dzina umadzipatsa wekha lomwe wakonda. Ine ndisanafike ndi pokwerera basi dzina linali litapezeka kale, Njovu ya ku Ntcheu.

Madzulo mayi a Tadala ali ku shifiti, mwana wagona, ndinakayatsa. Matchanelo malemu aja anali atawasunga kale mkati. Nditatembenuza kawiri katatu ndinapeza madala akucheza, koma mwadongosolo ngati msonkhano wa akulu ampingo, wina ayankhule, atchule zilembo ndi manambala, apereke mpata kwa mnzake, winayo athokoze, nayenso zilembo ndi manambala. Nkhani zake za mvula, za eriyo yomwe yagwa ndi mphepo, za bondo la wina lomwe akudikira opaleshoni. Ndinati madalaivala a kuno ndi aulemu bwanji, tiyeni tiwadzutse. Ndinadina batani nkukuwa ndi mawu a pansi pamimba, "Breaker breaker, this is Njovu, ten four, ten four!"

Kunangoti zii, ngati munthu waphwisa pamaliro.

Kenako liwu lina lofatsa linandifunsa call sign yanga. Ine ndinaganiza kuti poti ndi za madalaivala akufuna nambala ya galimoto, ndiye ndinawerenga nambala pleti ya vani ya kuntchito, pang'onopang'ono, chilembo chilichonse momveka bwino kuti asavutike polemba. Mdala uja anati pepani, call sign yotero kulibe padziko lonse, kodi laisensi muli nayo? Ndinati ndili nayo kumene, yoyendetsera mpaka vani, yopanda ndi mlandu umodzi womwe. Wina anayamba kuseka asanasiye batani, nkusanduliza chifuwa. Basi anandiuza mwaulemu kwambiri, ulemu wowawa uja, kuti pano si pa CB, kumvetsera ndi kwaulere koma kuyankhula ayi, chonde lekani.

Manyazi anandigwira, ndinangodinadina mabatani onse kuti kazime, sikirini inathima, nkukaponya pa tebulo la kukhitchini pambali pa buledi. Apa ndi pomwe ndikufuna mundimvetse. Kanali kasanazime, nyali yokha ndi yomwe inathima. Ndipo pa mabatani ndinadinawo panali lina lotchedwa VOX, lomwe ntchito yake nkuti kawailesi kakangomva mawu kazitumiza kokha popanda kudina chilichonse. Ndani anandiuza? Palibe. Buku lake panalibe, mwini wake anamwalira.

Eyiti koloko mayi a Tadala atulukira, chikwama sanatule ndi pansi pomwe, maso pa tebulo.

"Bambo a Tadala, ichinso ndi chiyani?"

Ndinati ndi mapaundi 15 okha. Ndinalakwitsa pamenepo, ndikanati ndatola.

Anayambira pa ndalama ya feteleza yomwe amayi akudikira ku Ntcheu. Anapita pa njinga yolimbitsira thupi yomwe ndinagula chaka chatha yomwe panopa timayanikapo mathawulo. Anapita pa mbedza, kuti ndinagula mbedza ya mapaundi 40 koma nsomba yomwe yalowa mnyumba muno ndi ya mchitini yokha. Anakumbutsa za yogati wa mwana yemwe amatha usiku, kuti mbewa za ku Scotland sizitsegula firiji ndi kutsuka supuni. Mkonono wanga unatchulidwa, ndi kuyerekezera komwe, anauchita ndithu mkonono wake pakamwa kuti ndimve mmene umamvekera. Kenako anafika pa kabudula. Anzanga, kabudula ameneyu ndi wamkati, wabuluu, ndinachoka naye ku Malawi, ndipo inde ali ndi kabowo koma ndi kumbali, sikaoneka. Mayi a Tadala anamufotokoza kabudula ameneyu ngati akupereka umboni kukhoti, kukula kwa bowo, mbali yomwe lili, lasitiki yemwe anafa kale moti ndimachita kumanga mfundo, ndi tsiku lomwe ndinamuyanika pa hita alendo a kumpingo ali pabalaza. Anati munthu wa ndalama zogulira ovaova ngati wapolisi akulephera kugula kabudula wa mapaundi atatu, ukadzagwa panjira anamwino adzati ndiwe wamasiye.

Tsono VOX ija imasiya kutumiza munthu akapuma. Mayi a Tadala sapuma. Ndipo tchanelo chomwe malemu anasunga chija sichinali cha wailesi ndi wailesi chabe, chinali cha repeater, makina omwe amawaika pamalo okwera kuti azilandira mawu ofooka a kawailesi ngati kanga nkuwamwaza dera lonse. Ndiye kuti kabudula wanga anakwera phiri, nkutsikira m'makhitchini, m'magalaja ndi m'magalimoto a madala onse a mbali ino ya Scotland. Makinawo ali ndi malire, munthu akayankhula mphindi zingapo osalekeza amamudula okha. Anatopa ndi makina, mayi a Tadala asanatope.

Atatsegula mpopi kuti amwe madzi, mnyumba munakhala bata kwa kanthawi, ndipo buledi anayankhula. Ndikunena zoona, mawu anachokera pa buledi, a nkhalamba ya chizungu, Chichewa chake chija cha m'Baibulo lakale:

"Moni bambo. Pepani ndithu. Wailesi yanu ili kulankhula yokha. Ndiponso amayi anena zoona, gulani kabudula."

Kapu inagwa. Mayi a Tadala anakuwa kuti Yesu, ine ndinathawira kuseri kwa firiji, sindikudziwa kuti ndinkabisala chiyani poti munthuyo sankandiona. Mwa anthu onse a mu Glasgow, pa tchanelo chimenecho panali mdala yemwe anaphunzitsako sukulu ku Malawi zaka za m'ma 1970, ndipo ena onse aja ankangomva phokoso la chinenero chachilendo, iye yekha ankamva liwu lililonse mpaka lasitiki. Asanatseke anatchula holo yomwe kalabu yawo imakumana Lachiwiri, ndipo ndinachotsa batire ndi manja onjenjemera.

Ndinapita, chifukwa ndinkaopa kuti ndikapanda kupita andipeza okha, paja ndinawapatsa ndekha nambala pleti. Ndipo nkuthekadi, anthu amenewa ali ndi masewera osakasaka wailesi yobisika ndi ma eriyo oloza mbali imodzi, amati kusaka nkhandwe. Anandilandira ndi tiyi ndi mabisiketi, palibe anatchula kabudula, koma mdala wanga uja pondipatsa moni anayang'ana kaye thalauzi langa.

Ndi iyeyo anandikhazika pansi nkundimasulira. CB ili pa mafunde a 27 MHz, matchanelo ake ndi oikika kale, mphamvu yake nthawi zambiri mawati 4 basi, ndipo eriyo yake yeniyeni imafuna kutalika pafupifupi mamita atatu, ngati nsungwi yothyolera mango. Kanga kaja kamayankhula pa 144 ndi 430 MHz, ndiye ngakhale ndikanakuwa mpaka mmawa mnzanga wa ku Poland sakanandimva. Awowo ndi malo a amateur radio, ena amati ham radio, ndipo kumeneko sulowa ngati mu minibasi. Umalemba mayeso kudzera ku bungwe lawo la RSGB, ukakhoza a Ofcom, bungwe loyang'anira za mawailesi kuno, amakupatsa laisensi ndi call sign yakoyako, zilembo ndi manambala zija, yomwe uyenera kumaitchula poyankhula. Makalasi ake atatu, Foundation, Intermediate ndi Full. Kuimba nyimbo ayi, kutsatsa malonda ayi, kutukwana ayi. Ndinafunsa ngati kulalatiridwa ndi akazi ako kuli pa mndandandawo, anati lamulo silinaganizeko zimenezo.

Koma chomwe chinandipweteka nchakuti zinthu zake ndi zokoma. A CB amangogula wailesi yovomerezeka nkuigwiritsa ntchito momwe ilili, pomwe awa amaloledwa kudzipangira okha mawailesi ndi ma eriyo, ndipo pa mafunde ena monga 14 MHz mawu amakagunda kumwamba kwenikweni nkubwerera pansi kutsidya la nyanja, popanda intaneti, popanda bando, popanda mayunitsi. Ena amayankhula ndi anthu a mu International Space Station, chombo chozungulira dziko mumlengalenga chija, chikamadutsa. Akalumikizana ndi dziko lachilendo amatumizirana timakadi totchedwa QSL ngati umboni, ndipo mdala uja anatulutsa bokosi la nsapato lodzaza timakadi, nkundionetsa kena koyamba ndi 7Q. Anati zilembo zimenezi ndi za Malawi, Zambia ndi 9J, Mozambique C9, ndipo poti kwathu ochita zimenezi ndi ochepa, wa 7Q akangoitana azungu amaunjikana ngati pa depoti ya ADMARC chimanga chikafika. Ndiye taganizani, ine kwathu ndikanakhala munthu wosowa, wofunidwa ndi dziko lonse, koma ndinasankha kutchuka ndi lasitiki.

Podziteteza ndinene kuti pa kawailesi paja sanalembepo paliponse kuti si CB. Komanso amene anaphwanya lamulo loyankhula popanda laisensi kwa nthawi yaitali si ine, ine ndinangoyankhula masekondi 20, zotsalazo mukudziwa mwini wake. Ndinayesa kuitchula mfundo imeneyi kunyumba, sinayende bwino.

Mayeso a Foundation ali ndi mafunso 26, ukhoze 19. Oyeserera ndinapeza 11, koma ndinali nditachokera ku shifiti ya usiku. Kawailesi kali mu dirowa, batire lake mayi a Tadala anakabisa kwina. Mdala uja amandipatsira moni wa "amayi" Lachiwiri lililonse ndipo iwo amabweza mosangalala, mpaka anamutumizira mandasi. Makabudula ndinagula, atatu pa paketi. Wabuluu uja sindinataye, ali mu vani, ndimapukutira galasi.