Tsiku Limene Anduna Anagona pa Phazi Langa

Ndinafika ku Joni m'chaka cha 2016 ndisanakhudzepo hatchi chibadwire, koma ntchito yoyamba imene ndinapeza inali yosamalira mahatchi pa khola lina ku Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg, kumene mahatchi amafunda mabulangete m'nyengo yachisanu ndipo ali ndi munthu wawowawo wowakonza mano. Popeza kwathu ku Ntcheu ndinakula ndikuweta ng'ombe za agogo, ndinkadziona ngati katswiri wa nyama iliyonse yoyenda ndi miyendo inayi, ndipo palibe amene akanandiuza zina.

Pakati pa mahatchi amene ndinkasamalira panali ina yaimuna yofulidwa, ya zaka 14, yolemera makilogalamu oposa 500, imene pa unyamata wake inkathamanga mijaha ku Turffontein. Ife ogwira ntchito tinaipatsa dzina lakuti Anduna, chifukwa inkayenda khosi lili gwaa, osacheukira kumanzere ngakhale pang'ono, ngati munthu amene wapambana zisankho ndipo waiwala amene anamuvotera. Dokotala wa ziweto anawapima Anduna miyendo ndi msana, wa mano anawasuzumira m'kamwa, wa ziboda anawasinthira nsapato zachitsulo, chishalo nachonso chinayezedwa, koma onse anagwirizana kuti chimene chatsala ndi minofu imene inakungika kalekale ndipo inazolowera kukhala choncho. Apa m'pamene abwana athu, mwini khola, anaitanitsa mayi wina wodziwa kumasula minofu ya mahatchi.

Mayiyo anafika Lachitatu m'mawa alibe jakisoni, alibe mafuta, alibe chida chilichonse m'manja. Ine ndinakula ndikuona agogo akuthowa munthu wobinya phazi ndi nsanza yoviika m'madzi otentha mpaka wodwalayo kuitana amayi ake, choncho ndinkakhulupirira kuti chithandizo chosawawa sichichiritsa. Ndinagwira chingwe ndikuyembekezera kuona mayiyo akukanya khosi la Anduna ngati ufa wa mandasi. M'malomwake, anangoika nsonga za zala ziwiri kuseri kwa khutu, osatsindika n'komwe, n'kuyamba kuziyendetsa pang'onopang'ono m'mbali mwa khosi ndi msana, maso ake ali pa diso la hatchi. Anduna akangophethira, mayiyo ankaima pomwepo n'kudikira, nthawi zina mphindi yathunthu. Posakhalitsa Anduna anayamba kunyambita milomo, kutafuna m'kamwa mopanda kanthu, kenaka anayasamula katatu motsatizana, mano onse achikasu ali poyera.

Atatha izi, mayiyo anapinda khosi la Anduna cha kumbali mwapang'onopang'ono, akuligwedeza mofatsa ndi kulisiya, kenaka ananyamula mwendo wakutsogolo n'kuulola kuti utsike wokha phewa lili lolefuka. Anandifotokozera kuti njira imeneyi anaiyambitsa munthu wina wa ku America dzina lake Jim Masterson, ndipo mfundo yake ndi yakuti hatchi, pokhala nyama imene m'tchire imasakidwa ndi zilombo, imabisa ululu ndipo ukaitsindika mwamphamvu imalimbitsa thupi pofuna kudziteteza. Ukaikhudza mopepuka kwambiri, siona chifukwa cholimbanirana nawe, motero imazindikira pamene pakungika n'kupamasula yokha. Anati kakhudzidwe kamayambira pa kungokhudza ubweya, kenaka mphamvu yongokwanira kubonyola kachikasu ka dzira osakaswa, kenaka yofinyira mphesa, ndipo mphamvu yofinyira ndimu imagwiritsidwa ntchito mwa apo ndi apo. Anawonjezera kuti hatchi ilibe fupa lolumikiza phewa ndi chifuwa limene anthufe tili nalo, moti chifuwa chake chimangolenjekeka pa minofu pakati pa miyendo yakutsogolo ngati mwana pa mbereko, pamene miyendo yomweyo ndi imene imasenza gawo lalikulu la kulemera kwa thupi, pafupifupi 60 pa 100.

Mawu amene ananditsindikira kwambiri anali akuti, "Hatchi ikayamba kumasuka, musaisokoneze. Musalankhule, musaikoke, mungodikira." Ndinavomera mwaulemu, koma maganizo anga onse anali pa ndalama zimene abwana anamuwerengera pa mapeto pake, zimene zinkaposa malipiro anga a masiku angapo okankha wilibala ya ndowe. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti madzulo ake Anduna anacheukira kumanzere kwa nthawi yoyamba chifikire ine pakholapo.

Usiku umenewo sindinagone chifukwa cha masamu. Ndinaona kuti ntchito yoloza hatchi ndi zala ziwiri siifuna sukulu, ndipo ndikanati ndiziigwira Loweruka ndi Lamlungu m'makola oyandikana nafe, malata a nyumba yanga ya kumudzi akanakwana mvula isanathe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinkaona kuti palibe chofunsa, popeza ndinali nditaona zonse ndi maso anga.

Lamlungu lotsatira tinatsala awiri pa ntchito, ine ndi mnzanga wina wa ku Mangochi amene anali wamkulu kwa ine. Unali mwezi wa Januwale, dzuwa likuswa mtengo, ndipo popeza abwana sankabwera kawirikawiri Lamlungu, ndinasiya jombo zanga zonyowa padzuwa n'kulowa m'khola la Anduna nditavala patapata. Lamulo la pakhola lililonse ndi lakuti munthu asayandikire hatchi wopanda jombo, ndipo ineyo ndinali nditakalipirapo mnyamata wina watsopano pa nkhani yomweyi sabata yapitayo.

Ndinaika zala kuseri kwa khutu monga ndinaonera, ndipo nthawi yomweyo Anduna anaphethira. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinadikira, ndinasuntha zala pang'ono, ndipo anaphethiranso. Paliponse pamene ndinkakhudza, Anduna ankaphethira, moti ndinayamba kumumvera chisoni mayi uja kuti anasiya malo ambiri osawaona. Patatha pafupifupi ola lathunthu ndinali ndisanafike ngakhale paphewa, ndipo mnzanga uja, amene anaima pakhomo ndi chidebe cha madzi, anandifunsa modekha kuti, "Achimwene, kodi ntchentche zili pamaso pa hatchiyo mukuziona?" Ndinamuyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kuti zinthu zina sizimveka kwa anthu osaphunzira. Iye anangopukusa mutu n'kupita kukathirira mahatchi akumunsi.

Pofuna kubwezeretsa ulemu wanga, ndinadumphira ku gawo la mwendo. Ndinawerama n'kunyamula mwendo wakumanzere wakutsogolo, ndipo Anduna, amene pofika apa anali atatopa ndi kuima kapena mwina anali atamasukadi, anayamba kutsamira pa ine. Chimene sindinaonetsetse tsiku lija n'chakuti mayi uja ankaima cha kumbali, mapazi ake ali kutali ndi pamene chiboda chitere, ndipo ankauperekeza mwendowo mpaka pansi. Ine ndinaima mapazi ali pansi penipeni pa chibodacho. Mwendo unatsika mofatsa ndithu, monga mwa malangizo, ndipo nsapato yachitsulo inakhazikika pa chala changa chachikulu chakuphazi ngati chidindo cha boma pa kalata.

Pamene ndinkatsegula pakamwa kuti ndikuwe, Anduna anausa moyo kwautali. Mutu wawo unatsika, mlomo wam'munsi unalendewera, makutu anagwera m'mbali, ndipo maso anatsinzina theka. Izi zinali zizindikiro zonse zimene mayi uja ankaziyembekezera, ndipo zinabwera kwa ine, pa tsiku langa loyamba. Mawu ake aja anamveka m'mutu mwanga kuti ndisalankhule, ndisakoke, ndingodikira. Choncho ndinatseka pakamwa n'kudikira, nditawerama chammbali, dzanja limodzi lili paphewa la hatchi ndipo lina litagwira bondo langa.

Owerenga amene sanakhalepo ndi mahatchi ayenera kudziwa kuti hatchi imatha kugona chiimire, chifukwa miyendo yake ili ndi mitsempha imene imakhoma mfundo za mafupa kuti isagwe ngakhale ikuwodzera. Ine ndinkazidziwa izi ngati nkhani yongosangalatsa, koma tsiku limenelo ndinazidziwa ndi thupi langa lomwe. Anduna anapinda mwendo umodzi wakumbuyo kuti aupumitse, ndipo kwa ine zinamveka ngati kulemera konse kumene mwendowo unatula kwasamukira pa chala changa. Ndinayesa kunong'ona kuti, "Pepani Anduna, mwandiponda," koma monga mwa khalidwe la anthu a maudindo, sanaonetse kuti amva dandaulo langa.

Pa nthawi yomweyo ndinamva galimoto ikuima panja, ndipo abwana, amene sankabwera Lamlungu, anatulukira pakhomo la khola. Anayang'ana hatchi yawo ikuwodzera mwamtendere, anayang'ana ine misozi ikutsika masaya onse awiri, ndipo anagwira pamtima. Ndi mawu apansipansi anandiuza kuti ndisasunthe ngakhale pang'ono, anatulutsa foni n'kuyamba kujambula. Anati pa zaka zonse zimene akhala ndi mahatchi sanaonepo wantchito wokonda nyama mpaka kulira nayo, ndipo kuti ndili ndi mphatso yochokera kumwamba. Utuchi woyala pansi unali utabisa patapata zanga, ndipo ndinadziwa kuti ndikangotchula za phazi, nkhani ya jombo ituluka. Ndinangogwedeza mutu movomera mphatsoyo.

Amene anandipulumutsa anali Anduna eni ake. Anakweza mchira n'kutulutsa mpweya wautali ndi waphokoso, umene mayi uja anali atanena kuti nawonso ndi chizindikiro chabwino, ndipo phokosolo linawadzidzimutsa okha. Anadzutsa mutu, anapotoza chiboda pa chala changa ngati munthu wozimitsa ndudu, kenaka anachichotsa n'kupita kukadya msipu. Ine ndinayesa kuwongoka koma msana unakana, khosi linakana, ndipo ndinatuluka m'kholamo chammbali ngati nkhanu, patapata imodzi itaduka lamba. Abwana anayang'ana phazi langa, anayang'ana jombo zimene zinali padzuwa, ndipo anabweza foni m'thumba osanena kanthu.

Chala sichinathyoke, koma chikhadabo chinada bii ndipo patatha masabata angapo chinachoka chokha. Chimene chinakhalitsa chinali khosi. Mayi uja atabweranso Lachitatu linalo, anandipeza ndikuyenda khosi lili gwaa, ndipo akandilankhula ali kumanzere kwanga ndinkatembenuka thupi lonse. Mnzanga wa ku Mangochi anamufotokozera zonse, osasiyako ngakhale za ntchentche. Mayiyo anaseka mpaka kutsamira khoma, kenaka anandiuza kuti lamulo lodikira silikhudza munthu amene wapondedwa, ndipo kuti ndikanangokankha phewa la hatchi mofatsa kuti isamutse kulemera kwake. Anandionetsanso poika mapazi ponyamula mwendo, ndipo anandichititsa kubwereza kanayi nditavala jombo.

Atamaliza ndi Anduna, anandiuza kuti ndikhale pa mtolo wa msipu. Ndinakana poyamba, ndikunena kuti ine khosi langa limafuna madzi otentha ndi nsanza, koma abwana anali pomwepo ndipo ndinalibenso ulemu woti n'kuuteteza. Mayiyo anaika zala ziwiri kuseri kwa khutu langa, osatsindika, n'kudikira. Anzanga onse a pakhola anasiya mawilibala awo n'kuima mozungulira, ndipo ine ndinatsimikiza mumtima kuti sindiphethira. Ndinalimbikira pafupifupi mphindi ziwiri, kenaka nsagwada zinandipandukira ndipo ndinayasamula kwambiri moti misozi inatuluka. Mnzanga uja anafuula kuti onse akhale chete poti hatchi yayamba kumasuka, ndipo anawachenjeza kuti asaime kumbuyo kwanga chifukwa chizindikiro chomaliza chinali chisanabwere. Kuyambira tsiku limenelo mpaka pamene ndinachoka pakholapo, ngakhale abwana ankanditchula kuti Wachiwiri kwa Nduna.