Nkhope ya dalaivala yaoneka, nyali zili pa fulu

Anzanga, usiku wapitawu zatheka: kamera imene ndikupanga yatha kuonetsa nkhope ya dalaivala usiku nyali za galimoto zikuthobwa. Achimwene anaimika Probox yawo mamita 8 kuchokera pageti, nyali zili pa fulu, ndipo pasikirini ndinawaona bwinobwino, mpaka lamba wapampando ndi munthu amene anakhala pambali pawo. Chithunzi n'chopanda mitundu, chili ndi timadontho, koma munthu ukumuzindikira.

Chinandiyambitsa ndi marodibuloko a mumsewu wa M3 ndi wopita ku Monkey Bay. Wapolisi amaima kutsogolo kwa galimoto atathobwa m'maso, osadziwa ngati mkatimo muli anthu awiri kapena khumi mpaka atafika pawindo ndi tochi. Zimandidetsa nkhawa kwambiri. Koma zoyesa zanga zonse ndikuchitira pageti lakwathu, ndi magalimoto a abale amene avomera.

Poyamba ndinali ndi kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi, kamera yake ya NoIR v2 ya sensa ya IMX219 imene imaona infrared (kuwala kosaoneka ndi maso), fyuluta yolola infrared ya 850nm yokha kudutsa ndi nyali za infrared za muyeso womwewo. Pagalimoto ya nyali za LED zinkayenda bwino zedi, chifukwa LED yoyera situlutsa infrared yambiri, ndiye fyuluta imaitsekereza pafupifupi yonse. Halogen ndiye ayi. Waya wake wamkati umayaka ndi kutentha, ndipo infrared imene umatulutsa ndi yochuluka kuposa kuwala kumene maso amaona. Imadutsa fyuluta osaima, chithunzi chonse mbee. Ndipo kuno ku Mangochi maminibasi, ma Sienta akale ndi malole ambiri ndi a halogen. Fyuluta yokha singakupulumutse.

Chopulumutsa ndi nthawi. Ukafupikitsa shutter, kutanthauza nthawi imene kamera imalandira kuwala pachithunzi chimodzi, kuchoka pa 33ms kufika pa 0.5ms (1ms ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi), kuwala kwa nyali za galimoto kolowa mukamera kumachepa maulendo oposa 60. Ndiye ma LED ako a infrared uwayatse mwamphamvu mkati mwa kamphindi komweko basi. Pazithunzi 30 pasekondi, ndiye kuti akuyaka 1.5 peresenti yokha ya nthawi, choncho amapirira magetsi ochuluka osapsa, bola usapyole zimene datasheet, chikalata cha malire ochokera kwa opanga ake, yalola.

Apa ndi pamene ndinataya tulo. Chithunzi chinkabwera ndi kamzere kamodzi kowala, kwina konseko bii, ndipo kamzereko kankasuntha. Ndinasintha MOSFET, kaswichi koyatsa ndi kuzimitsa ma LED, ndinawonjezera ma capacitor, ndinafupikitsa mawaya, ndinachotsa zonse pa inivetala n'kulumikiza kubatire ya sola mwachindunji. Sizinasinthe. Gwero lake ndi sensa yeniyeniyo: IMX219 ndi ya rolling shutter, imatsegula mizere umodziumodzi kuchokera pamwamba kutsika. Shutter ikafupika chonchi palibe nthawi imene mizere yonse imakhala yotseguka limodzi, ndiye kung'anima kwa LED kumangogwera mizere yochepa imene yapezeka yotseguka. Palibe code imene ingakonze zimenezi, musavutike.

Ndinachita kugula Global Shutter Camera ya Raspberry Pi, imene inatuluka mu 2023, ya IMX296. Ndi ya ma megapixel 1.6 okha, ena amainyoza, koma pantchito iyi mizere yonse imatseguka nthawi imodzi ndipo n'zokhazo zimene ndinkafuna. Fyuluta yake yotsekereza infrared imachotsedwa, mtima uli m'mwamba chifukwa kagalasiko sikachedwa kusweka. Pico, kabodi kakang'ono ka Raspberry Pi, ndi imene ikulamula zonse ziwiri, kamera ndi nyali za infrared. Chenjerani, XTR, malo a pakamera olumikizapo waya woilamula kujambula, imafuna mavoti 1.8, musailumikize ku 3.3 popanda ma resistor.

Katunduyu anandibweretsera msuweni wanga wochokera ku Joni. Ubwino wa kuno ndi womwewo, sabata siitha popanda wina wobwera. Tizinthu ting'onoting'ono ndimagulabe kwa bambo wina wokonza mawailesi pamsika waukulu, amene amasunga mabodi akale m'makatoni ndipo amadziwa pamene pali chilichonse. Ndi omwewo anandipezera ma LED a kamera ina ndinaika pamathandala a usipa ku Makawa chaka chatha, imene mpaka pano ikugwirabe ngakhale fumbi ndi kutentha kwa mu Okutobala.

Zovuta zidakalipo. Nyali zanga zikakhala pafupi ndi lenzi, kuwala kwina kumabwerera kuchokera pagalasi lakutsogolo, ndiye ndaziika patali chammbali, kamera pamwamba pang'ono. Polarizer wamba wojambulira, fyuluta yochepetsa kunyezimira kwa galasi, sathandiza, pa 850nm amangodutsitsa zonse. Magalasi ena obiriwirako amamwa infrared yambiri moti nkhope imazimiririka. Lenzi nayo imafuna kuikonzanso usiku, chifukwa focus ya masana siigwirizana ndi ya infrared. Tizilombo touluka ta kumtsinje wa Shire tikadutsa pafupi ndi nyali timawala kuposa munthuyo.

Ndikufuna kuyesa 940nm kuti kakufiira kamene ma LED a 850nm amaonetsa kasamaoneke, ngakhale sensa imaimva mofooka. Maloto enieni ndi range gating, kamera izilandira kuwala kochokera pamtunda pamene pali dalaivala pokha. Kuwala kumayenda masentimita 30 pa nanosekondi imodzi (gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi), ndiye IMX296 singafikepo, pafunika sensa ina ndi laser. Ngati wina ali ndi minibasi ya tinted ndipo angalole kubwera nayo madzulo ena, mafuta ndilipira ine.