Humber ya 1953 akufuna kuiwotcherera kaliyala

Lachinayi usiku. Tulo takana, ndipo chondisowetsa mtendere chatsamira khoma kushedi uko: njinga yakuda ya Humber ya matayala a mainchi 28, imene mnyamata wina wafika nayo akuikankha dzuwa litapendeka.

Ndinaizindikira akadali pamsewu chifukwa cha foloko. Humber zakale zija mwendo uliwonse wa foloko ndi timapaipi tiwiri toonda toyenda limodzi, pomwe njinga zina zambiri ndi paipi imodzi. Gudumu lamano lapamapedulo nalo lili ndi tianthu togwirana manja, monga Raleigh amasema mutu wa mbalame yonga kakowa ndipo Rudge chikhatho. Nditapukuta habu yakumbuyo ndi nsanza ya palafini panaoneka Sturmey-Archer AW, habu ya magiya atatu am'kati, kenako 53 ndi 9, kutanthauza Seputembala 1953. Apo n'kuti fakitale ya njinga za Humber ili kale m'manja mwa kampani ya Raleigh ya ku Nottingham, imene inaigula mu 1932, ndipo vuto lonse la lero gwero lake ndi limenelo.

"Madala, ndikufuna muchotse folokoyi muike yamasiku ano, kumbuyoku tiwotcherere kaliyala yaikulu. Ndiyambe kabaza."

Akuti ndi ya agogo ake aamuna, anabwera nayo kuchokera ku Halale, ndipo zaka zonsezi yakhala yopachikidwa kudenga la khitchini. Mwaye ndi umene waisunga. Pansi pa kudako penti idakalipo, dzimbiri langonyambita madigadi okha.

"Takhalani kaye pachishalopo, achimwene, ine ndigwira."

Anakhala, msana unawongoka wokha, manja n'kugwera pamahandulo popanda kuwerama. Anaseka, akuti ngati wakhala pampando wa ndalema. Si mwangozi ayi. Mahandulo ali pamwamba kuposa chishalo ndipo anapindikira kwa wokwera. Paipi ya chishalo ndi ya foloko zonse zinagonekedwa cham'mbuyo, pafupifupi madigiri 67, pomwe njinga zothamanga zimakhala cha m'ma 73. Mawilo ndi otalikirana, kotero bampu imafika pathupi itazilala kale. Poti thupi lonse limatsamira pamatako, chishalo chiyenera kukhala chotambalala, chachikopa, chamasipuling'i, ngati Brooks B66 imene ili pamenepoyi. Mukaikapo kachishalo kopyapyala ka njinga za pakaunjika, ulendo wa makilomita asanu okha mumva kuwawa, n'kumanena njinga pomwe yalakwa ndi mpando.

Chimene chinandiwawa ndi pamene ndinapukusa mapedulo. Anayenda theka n'kuima. Kapu yakumanzere ya ekiselo yapakati, imene imasunga mabolo, ndi yatsopano, yonyezimira, ndipo yalowa mopendeka. Akuti dzulo anadzera kwa makaniko wina patauni yakwawo, amene ataona kuti kapuyo ikulimba anatenga sipanala yaitali n'kuipondereza ndi phazi.

Raleigh ankasema mazinga akeake, 26 pa inchi imodzi, pomwe makapu ambiri a m'sitolo lero ndi a 24. Kukula kwake n'kofanana, ndiye kapu imalowa bwinobwino kawiri kapena katatu, kenako n'kulimba. Kulimba kumeneko ndi chitsulo chikukuuzani kuti lekani. Mukakakamiza, mukudya mazinga a felemu yeniyeniyo, ndipo felemu sagula pamsika. Chimodzimodzi pakhosi la foloko: manati a 24 sagwira pa foloko ya 26, n'chifukwa chake kusintha foloko kumakoka kusintha zonse zapakhosi. Ndinamufunsa kumene kuli kapu yakale. Anapisa m'thumba n'kuitulutsa, yakuda ndi girisi wouma, koma njira ya mabolo yosalala ngati galasi. Inkangofuna kutsuka ndi mabolo atsopano a 1/4 inchi, 11 mbali iliyonse. Basi. Kapu ya kumanja ija saikhudza n'komwe ngati ilibe zibowo, ndipo amene akuimasula adziwe kuti mazinga ake ndi obwerera.

Makotapini, mapini omanga makulanki pa ekiselo, nawo anawamenya mpaka kuphwanya mitu. Kotapini samenya ili lende: mumamasula nati mpaka ifanane ndi nsonga, pansi pa kulanki n'kuchirikiza ndi paipi yofika pansi kuti mphamvu ya hamala isapite kumabolo, kenako kumenya kamodzi mwamphamvu, osati kugogoda kakhumi. Atsopano ndi a 9.5 mm, mumawasema ndi tupa mbali yafulatiyo mpaka akhale bwino, ndipo awiriwo aziyang'ana kosiyana, wina nati kumwamba wina pansi. Akayang'ana kumodzi mapedulo sakhala pamzere ndipo bondo limamva. Nati ndi yongosunga, si yokokera pini. Mukaikokera imatha mazinga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma anthu akaona hamala mtima umathamanga.

Ndikuona kuti apa ndinakweza mawu, pakuti mnyamata uja anazyolika.

"Madala, inu mukuona chitsulo. Ine ndikuona fizi ya mng'ono wanga."

Mawu amenewa ndi amene andikaniza tulo. Sananame. Njinga yopachika kudenga siphika nsima. Ndinayesa kumufotokozera modekha kuti ngakhale pa ndalama pomwepo akulakwitsa. Habu ya AW ndi yolimba, inayamba kupangidwa mu 1936 ndipo zambiri zikuyendabe, koma chingwe chikangotayirira pang'ono pamakhala malo opanda giya pakati pa yachiwiri ndi yachitatu. Munthu waimirira pamapedulo pachitunda, kumbuyo wanyamula mayi ndi thumba la chimanga, mapedulo n'kupita okha: onse pansi. Moto wowotcherera nawo umasungunula mkuwa umene analumikizira mapaipi a felemu. Ndipo foloko yamapaipi awiri ikapindika, ina simudzaipeza kuno. Kabaza amafuna Hero kapena Phoenix ya giya imodzi, masipoko okhuthala, zida zake zili pamsika uliwonse. Humber yathunthu chonchi alipo anthu amene angaigule momwe iliri, koma yowotchereredwa palibe angaiyang'ane kawiri.

Sanayankhe. Anangosisita chishalo.

Chikopa chimenecho ndachiyang'ananso ndi tochi posachedwapa. Chauma koma sichinang'ambike pamisomali, ndiye chipola. Asadzayerekeze kuchithira oyilo wa galimoto, chimafewa n'kutambasuka ngati chikwama. Pamafunika phula losakaniza ndi mafuta ang'ombe pang'ono, kupaka kunsi, kusiya masiku awiri, ndipo nati yokokera ili kumphuno kwake kuipotoza kotala yokha. Ambiri amaononga Brooks ndi nati imeneyo.

Pakati pa usiku chonchi sindimayenera kuigwira, poti mwini wake sanandilamule, koma habu ndaitsegula kakamwa kake kothirira mafuta n'kununkhiza. Mafuta ophikira. Akakhalitsa amasanduka ulimbo, timano tam'kati timakakamira, n'chifukwa chake wilo likuzungulira mwakachetechete osalira kuti tiki tiki. Mankhwala ake ndi kuthira palafini, kupukusa, kukhuthula kangapo, kenako supuni yaing'ono imodzi ya oyilo wopepuka wa SAE 20 kapena 30, ndi madontho awiri atatu mwezi uliwonse. Girisi m'katimo ayi. Pochuna magiya mumaika pa 2, n'kusuzumira pazenera la nati yakumanja: phewa la kandodo kokoka tcheni kaja lifanane ndi nsonga ya ekiselo. Kono yakumanja, nati yopanikiza mabolo a habu, mumaimanga ndi zala, kubweza theka, kukhoma. Kuchuna konse kwa makono kumachitikira kumanzere.

Chabwino chimodzi n'chakuti matayala sasowa, chifukwa 28 x 1½ ndi omwewo a njinga za kabaza. Koma aziwerenga pambali pa tayala palembedwe 635, kukula kwa rimu m'mamilimita. Njinga za pakaunjika nazo zimalembedwa 28 pomwe ndi 622, ndipo kusiyana kwa 13 mm kumeneko tayala silikwera ngakhale mutalimbana nalo tsiku lonse. Marimu ake ndi a Westwood, okwera pakati, masipoko 32 kutsogolo 40 kumbuyo, ndipo mabuleki a ndodo amakoka kunsi kwa rimu. Wilo likakhala ngati dzira buleki imagwira modukizadukiza, pamvula ndiye chenjerani. Ikanakhala yanga ndikanasintha chinthu chimodzi chokha: sipuloketi ya mano 18 kuika ya 22. Ndi mano 46 kutsogolo, kupalasa kamodzi pa giya yapakati kumatsika kuchoka pa mamita 5.7 kufika pa 4.7, ndipo njinga yolemera pafupifupi makilogalamu 20 imayamba kukwera zitunda ngati za ku Dedza munthu ali chikhalire. Ya 18 ndikanaimangirira pansi pa chishalo kuti isatayike.

Pochoka anati akafunsa mayi ake, poti bambo a mayiwo ndi amene anali eni njinga, ndipo abwera Loweruka kapena Lolemba, sindinamve bwino. Kapu yolakwika ija ndaidonthezera mafuta kuti mawa ndiyese kuibweza pang'onopang'ono. Ngati mazinga asanu kapena asanu ndi limodzi am'kati apulumuka, yakale igwira. Ngati atha onse, ndiye kaya. Ndipo akabwera n'kunena kuti mayi avomera za kaliyala, makina owotcherera ali nyumba yachitatu kuchokera pano, safunsa za 1953.