Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Madzi otentha a agogo

Ndinalekezera pamene ndinatsika basi ku Maputo, miyendo itatupa ndi ulendo wa makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete. Kwathu ku Angónia mbiri inali itawanda kale kuti ndapita kukaphunzira mpira. Malume anafika pofunsa mayi kuti, "Achemwali, mbatatesi zonse zija mwagulitsa kuti mwana azikathamanga?" Mayi anawakumbutsa za Maria Mutola, katswiri wothamanga wa ku Mozambique, amene anatenga mendulo ya golide pa Olimpiki ku Sydney mu 2000 pothamanga mamita 800 okha. Malume anangoti Mutola ndi mmodzi.

Mpirawo tinkaukhudza mwa apo ndi apo. Chaka choyamba chinathera pa mafupa 206 a thupi la munthu, lililonse ndi dzina lake m'Chipwitikizi chosakaniza ndi Chilatini, kenako minofu ndi momwe imakokerana kuti bondo lipinde. Ndinkaloweza usiku ndikudzigwiragwira thupi ngati wodwala mphere.

Phunziro limene linandikhalitsa chete linali la entorse, kumene ife timati kubinya. Aphunzitsi anajambula kakolo pabolodi. Phazi likapotokera mkati, minyewa itatu yomanga mafupa kunja kwa kakolo imakokeka, ndipo woyamba kung'ambika nthawi zambiri ndi wakutsogolo. Timitsempha ta magazi timaphulika, malo aja n'kutupa. Ukathirapo chotentha tsiku lomwelo, mitsempha imatseguka, kutupa kumawonjezeka. Ukasisita mwamphamvu, ukung'amba chong'ambika kale.

Maganizo anandithawira kwathu ku Domué. Ndili ndi zaka 14 ndinabinya pabwalo la sukulu, agogo n'kundithowa ndi nsanza yoviika m'madzi owira, akukoka phazi, ine ndikukuwa mpaka agalu a mudzi wonse kuyankha. M'mawa mwake anatemerapo mphini. Kakolo ameneyo amapotoka mpaka lero ndikangoponda kamwala. Poyamba ndinawakwiyira agogo mumtima, koma maphunziro atapitirira ndinaona kuti mlandu waukulu unali wanga. M'minyewa muja muli timitsempha touza ubongo momwe phazi lapondera, ndipo munthu akavulala timafunika kuphunzitsidwanso. Ine sabata isanathe ndinali m'bwalo, ndikutsimphina pofuna kutchuka.

Patchuthi cha mu Julayi ndinabwerera kwathu, nthawi imene kuzizira kwa ku Angónia kumalowa m'mafupa. Tsiku lachitatu anyamata anabwera atanyamula mphwanga wa kwa mayi aang'ono, phazi lili ngati dzungu. Agogo osafunsa kanthu anatereka mphika.

"Agogo, ndapota nanu, madziwo ayambe adikira."

"Iwe, ndinathowa bambo ako ndi iwe yemwe. Alipo anaduka mwendo?"

Ndinagwada pafupi nawo, chifukwa kuwayankha uli chiimire ndiye kuti nkhani yathera pomwepo. Ndinapempha kuti ndingomuona kaye. Ndinadina kuseri kwa mafupa awiri otumphuka a kakolo, mwana sanadzidzimuke. Ndinamuuza kuti aponde, anayenda masitepe anayi akuluma mano. Akanalephera zimenezi, tikanafuna njinga yamoto kupita kuchipatala ku Ulongué kuti akamujambule, poopa kuti fupa lathyoka.

Ayezi kumudzi mungamupeze kuti? Ndinatuma ana kumtsinje, ndipo madzi a mu Julayi anagwira ntchitoyo bwino lomwe. Phazi linkakhala m'chidebe mphindi 15, kenako ndinkalikulunga ndi chitenje chakale cha mayi, mothina pang'ono koma zala zisachite dzanzi, n'kulisanjika pathumba la chimanga kuti likwere kuposa chifuwa. Agogo ankayang'ana zonsezi ali pamkeka, akufwenkha fodya wawo, osanena kanthu. Madzi awo aja anaphikira nsima.

Patapita masiku atatu kutupa kunaphwa. Ndinapita ndekha kukasonkha moto, ndikuwauza agogo kuti tsopano nthawi yawo yakwana, madzi akhale ofunda, ndipo phazi lisakokedwe. Anamuthowa mwaluso ndithu, manja awo amadziwa pofewa kuposa anga. Ine ndinayamba kumuimiritsa mwanayo ndi mwendo umodzi atagwira mtondo, kenako osagwira, kenako atatsinzina, anzake akumuseka kuti wasanduka kakowa.

Madzulo ake agogo anandiitana kukhitchini.

"Ndiye ku Maputo konse kuja unapitira kukaphunzira kudikira masiku atatu?"

Ndinati eya, agogo. Anandipatsa mbatata yootcha, n'kundiuza kuti mawa ndiwaonenso bondo lawo lakumanzere.