Ntchito ya zamagetsi ndaipeza kudzera kwa ejenti, koma K25,000 yanga inapita

Lolemba lapitali ndayamba ntchito, ndiye mtima wakhalako pansi moti ndikhoza kufotokoza mmene zinayendera. Ndimakhala ku Chinamwali, zamagetsi ndinaphunzira ku Nasawa Technical College ndipo ndili ndi Trade Test Grade 2. Zaka zonsezi ndimadalira maganyu: lero kuika mawaya m'nyumba ku Matawale, mawa kukonza giza ku Mulunguzi, mkuja kukhala pakhonde kudikira foni. Kwacha itagwa mu Novembala 2023, waya ndi mabuleka zinakwera mtengo, anthu ambiri omanga nyumba anayamba aima kaye, maganyu n'kuuma. M'pamene ndinayamba kusaka ntchito ya pamwezi kudzera kwa ma ejenti aja olemba anthu ntchito m'malo mwa makampani.

Kwa amene simunayesepo, zimayenda chonchi. Kampani ikafuna amisiri atatu kwa miyezi ingapo, siivutika n'kulengeza. Imauza ejenti, ejentiyo ndiye amasankha anthu, ndipo nthawi zambiri ndi yemweyo amene amakulipirani mwezi ukatha. Phindu lake amalipeza kwa kampani ija. Gwiritsitsani pamenepa: kwa kampani, osati m'thumba mwanu. Ndikanazidziwa msanga bwenzi ndisakulemba ndi mkwiyo chonchi.

Vuto lathu kuno ku Zomba mukulidziwa. Chichokereni likulu kupita ku Lilongwe mu 1975, mzinda uno ndi wa yunivesite, asilikali, apolisi, chipatala ndi ndende. Mafakitale ali ku Blantyre, ku Makata ndi ku Chirimba, ndipo ma ejenti ambiri ali komweko. Choncho chilichonse chimafuna thiransipoti, ndipo anthu akuba amadziwa kuti munthu wochokera kutali sangabwerere chimanjamanja, alipira basi.

Woyamba ndinamupeza pa gulu la WhatsApp la amisiri. Uthenga wake unali wokoma: akufuna amisiri a zamagetsi 10, kuyamba msanga, malo ogona alipo. Nditaimba anayankha bambo wa mawu aulemu kwambiri. "Achimwene, bwerani mawa m'mawa ku Limbe ndi mapepala anu onse, musaiwale K25,000 yolembetsera." Ndinafunsa kuti ndalamayo ndi ya chiyani, akuti ndi yotsegulira failo. Ndinakongola kwa alamu anga, ina ndinatapa pa ndalama ya lendi.

Ndinadzuka 4 koloko, kukwera kabaza mpaka pa depoti, minibasi n'kudikira idzaze. Pa Thondwe kuima, pa Namadzi kuima, kufika ku Limbe cha m'ma 8. Ofesi yake inali kachipinda kamodzi pamwamba pa shopu, tebulo limodzi, mipando iwiri, pakhoma palibe ngakhale pepala losonyeza kuti kampaniyo ndi yolembetsedwa. Pamasitepe tinalipo anthu ambiri, ena owotcherera, ena a mapaipi, wina wochokera ku Mulanje amene anagona pa depoti. Mtsikana wolandira alendo amatenga ndalama n'kulemba risiti ya m'kabuku kogula m'shopu, yopanda chidindo, yopanda dzina la kampani. Ndinaiona, mtima unagunda, komabe ndinalipira chifukwa aliyense patsogolo panga amalipira.

Kenako kudikira. "Abwana atuluka pang'ono." 10 koloko, 12 koloko, osadya kanthu poopa kuti ndikachokapo andidumpha. Abwanawo anatulukira itadutsa 3 koloko, atanyamula makiyi a galimoto m'manja, n'kutiuza tonse pamodzi kuti mafailo atsegulidwa, chatsala ndi K15,000 ya kuchipatala, titumize pa Airtel Money tikafika kunyumba. Palibe amene anafunsidwa funso limodzi la zamagetsi. Limodzi lokha! Munthu ukufuna mmisiri woti akagwire mawaya a moto, osamufunsa n'komwe kusiyana kwa mawaya a nyutulo (neutral) ndi ethi (earth)? Ndinazindikira ndili pamasitepe pomwepo kuti ndadyeredwa. Ya kuchipatalayo sindinatumize. Patatha sabata ziwiri nambala ija inasiya kupezeka, ndipo mnzanga atadutsako anapeza m'kachipinda muja akugulitsamo zovala za kaunjika.

Tsiku limenelo ndi limene limandiwawa kuposa ndalamayo, chifukwa ndinali nditakana ganyu ya kwa mayi ena ku Sadzi yosintha bolodi yonse ya mabuleka. Anaitana wina, ndipo mpaka lero amaitana yemweyo.

Osalipira ndalama musanaone ntchito. Kaya aitchula kuti yolembetsera, ya failo, ya yunifolomu, ya kuchipatala, osalipira.

Ndadumpha za mapepala, ndibwerere. Konzekeranitu CV, satifiketi ya Trade Test kapena ya TEVETA, chiphaso cha unzika, ndi makalata a anthu amene munawagwirirapo ntchito. Ife a maganyu pamenepa m'pamene timagwa, chifukwa tawayala nyumba zambirimbiri koma palibe pepala lotichitira umboni. Ine ndinabwerera kwa kontirakitala wina amene ndinagwira naye pa sukulu ina ku Jali ndi kwa mwini chigayo wina ku Songani, onse anandilembera kalata ya mizere yochepa yokhala ndi nambala zawo za foni. Makalata awiri amenewo anandithandiza kuposa CV. Kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu yambani kuilondola msanga, amatenga zidindo za zala ndipo siituluka tsiku lomwelo. Ngati muli ndi chilolezo cha MERA choika magetsi m'nyumba, chiikeni pamwamba penipeni, chifukwa kontirakitala aliyense amafuna munthu woti ntchito yake ivomerezeke a ESCOM akabwera kudzalumikiza. Mapepala onsewa jambulitsani mafotokope, akadindidwe kwa Commissioner for Oaths (munthu wovomerezeka kutsimikizira mapepala, monga loya), ndipo enieniwo muzingoonetsa n'kubweza m'chikwama. Mnyamata wa ku Mulanje uja anasiya satifiketi yake yeniyeni m'kachipinda ka ku Limbe. Ndikaganiza za iye mpaka pano mtima umandipweteka.

Ejenti wachiwiri anandilozera ndi aphunzitsi anga akale, titakumana mumsika wa Mpondabwino. Ndinapita ndili wokayika, ndalama nditasiya kunyumba dala. Kusiyana kwake kunaonekera pakhomo pomwe: satifiketi ya kampani ili pakhoma, fomu yaulere, ndipo mayi amene anandilandira anandiuza poyera kuti iwo amalipidwa ndi kampani yofuna antchito. Kenako anandipereka kwa madala ena a imvi amene anandiika kutsogolo kwa bolodi. "Mwana wanga, tandilumikizire nyale imodzi yoyatsira mbali ziwiri." Nditamaliza anandifunsa saizi ya waya wa masoketi ndi wa nyale, ndinayankha kuti 2.5 ndi 1.5. Kenako anafunsa za mota ya three phase, kuti ikamazungulira chobwerera umatani, ndinati umasinthanitsa mafezi awiri. Pa star-delta, njira yoyatsira ma mota akuluakulu a three phase, ndinachedwa, chifukwa chichokereni ku koleji ndakhala ndili m'nyumba za anthu momwe zonse ndi 230V. Anzanga a mawaya a m'nyumba, tsegulaninso manotsi a ma kontakita ndi ma sitata, zida zoyatsira ma mota, musanapite, adzakufunsani ndithu. Tengani tesita, pulayala ndi malitimita yanu, madala aja amayang'ananso mmene munthu wasungira zida zake.

Anandiimbira patatha sabata zitatu. Ntchito yake ndi ya miyezi 6 pa saiti yomanga mahositelo a ophunzira ku Chikanda, konkuno ku Zomba, moti ndimagona kwathu.

Kontirakiti musasaine mothamanga ngakhale njala ikuwawa. Ine ndinapempha kuiwerenga nditakhala pansi, ndipo ndinafunsa kuti wondilipira ndani, ejenti kapena mwini saiti, komanso tsiku lanji. Ndinafunsa za penshoni, poti lamulo limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Ndinafunsanso kuti magetsi akandimenya kapena ndikagwa pa makwerero, chipukuta misozi chichokera kwa yani, chifukwa pa ntchito za ma ejenti m'pomwe anthu amakankhirana, uyu akuti si wantchito wanga, uyonso akuti si wanga. Nsapato zachitetezo ndi chipewa analemba kuti apereka okha osadula pa malipiro. Pomwe simukumvetsa, tengani pepalalo mukafunse ku ofesi ya zantchito pa boma musanaike siginecha, ndipo kope imodzi ikhale yanu.

Chimodzi chimene sichikundisangalatsa n'choti ndikudziwa kuti kampani imapereka kwa ejenti ndalama yoposa imene ndimalandira, ndipo miyezi 6 ikatha palibe lonjezo lililonse. N'chifukwa chake makasitomala anga akale sindinawataye, Loweruka ndimayendabe ndi chikwama changa.

Dzulo usiku pa gulu lija la WhatsApp pabweranso uthenga: amisiri a zamagetsi 10, kuyamba msanga, malo ogona alipo. Dzina la kampani ndi lina, nambala ndi ina, koma mawu ake ndi omwe aja osasintha ngakhale limodzi. Ndajambula risiti yanga ija yopanda chidindo n'kuiponya pagulupo, ndipo ndalemba pansi pake kuti aliyense asalipire ndalama asanaone ntchito. Pofika m'mawa uno anyamata awiri andiimbira, wina wa ku Domasi anali atakongola kale ndalama ya ulendo.