Kusankha Patani ya Zovala za M'nthawi ya Chilembwe

Chaka chilichonse, tsiku la 15 Januwale likamayandikira, gulu lathu la zisudzo limakonza sewero la moyo wa Mbusa John Chilembwe, ndipo ntchito yosoka zovala imagwera ine. Ulendo woyamba ndinatenga patani (mapepala otsatira podula nsalu) ya diresi la ukwati imene ndinali nayo kale, ndinatalikitsa manja, ndinakweza khosi, kenako ndinaika zipi kumsana. Mtsikana amene ankasewera ngati Mayi Ida Chilembwe atatembenuka pa nsanja, zipi ija inang'anima, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti ndawaveka chinthu chimene iwo sanachionepo, pakuti zipi inayamba kufala pa zovala cha m'ma 1930, pamene Chilembwe anaphedwa mu 1915.

Kuyambira tsiku limenelo sindiyambanso ndi patani. Ndimayamba ndi zithunzi zakale za ku Providence Industrial Mission, mishoni imene Chilembwe anaitsegula ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mu 1900 atabwerako ku Lynchburg, ku America, kumene anakaphunzira zaubusa. Ndimayang'anitsitsa pamene phewa lathera, pamene chiuno chakhala ndi mmene siketi yagwera, chifukwa chimene chimaulula chaka cha chovala ndi kadulidwe kake osati zingwe ndi timaluwa tokongoletsera.

Mapatani amene amapezeka pa intaneti ali mitundu iwiri, ndipo munthu wosazolowera amasokonezeka nayo. Ena, monga ambiri a makampani a Simplicity ndi McCall's, anakonzedwa kuti munthu asoke msanga chovala cha pa chisangalalo: kunja chimaoneka chakale, koma mkati mwake ndi chamakono, cha makhwapa otakasuka ndi zipi yobisika. Ena, monga a Truly Victorian ndi Past Patterns, amatsatira kadulidwe ka nthawiyo, ndipo pa chikuto amalemba zaka zimene chovalacho chinkavalidwa. Ine ndimasankha achiwiriwa ngakhale ali ovuta, ndipo ndisanalipire ndimawerenga kaye ngati wopanga patani wafotokoza chovala kapena buku la matelala limene anatengerako miyeso. Akangolemba kuti "zamakedzana" popanda chaka, ndimaisiya patani imeneyo.

Siketi ya zaka za pakati pa 1900 ndi 1910 ndiyo imandidyera nthawi yambiri. Siidulidwa ngati nsalu imodzi yokwinyidwa m'chiuno, koma imalumikizidwa kuchokera ku zidutswa zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, chilichonse chopapatiza kumwamba ndi chotambalala kumunsi, kotero kuti imagwira bwino m'chiuno n'kumasuka pofika ku mapazi. Bulauzi yake imakhala ya kolala yoimirira ndi yotutumuka pang'ono kutsogolo, ndipo imatsekedwa ndi timabatani kapena tingowe. Vuto lake ndi lakuti mapatani amenewa anayezedwa pa thupi la mayi womanga koseti, chomangira cholimba cha m'chiuno chimene asungwana athu savala, choncho ndimayamba ndasoka chovala choyeserera pa nsalu yotchipa, n'kumuveka mwini wake, n'kulemba ndi choko pofunika kuwonjezera, ndisanayandikize sizasi pa nsalu yeniyeni.

Zovala za abambo anthu amaziyesa zapafupi, poganiza kuti suti ya pa kaunjika ikwanira. Sikwanira ayi. Jekete ya nthawi imeneyo inkamangidwa mabatani mpaka pamwamba pa chifuwa, buluku linkafika pamwamba pa mchombo ndipo linkagwiridwa ndi malamba a m'mapewa, pamene kolala yolimba inali yochita kulumikiza ku malaya. Chilembwe ankasamala kwambiri za kavalidwe ka anthu ake monga chizindikiro chakuti munthu wakuda sachepa pamaso pa mzungu, ndiye kumuveka jekete yolendewera ndi kumulanda gawo la uthenga wake.

Palinso anthu ena m'seweroli amene safuna patani konse. Ogwira thangata pa esiteti ya Magomero sankavala ngati aphunzitsi a pa mishoni, ndipo kwa iwo ndimagula nsalu ya thonje yosawala, yoyera kapena ya biriwita, yoti angomanga m'chiuno kapena m'chifuwa. Chitenje chowala cha lero ndi nsalu ya poliyesitala ndimazikana, ngakhale osewera ena amadandaula kuti akuoneka osauka.

Chaka chino ndasindikiza patani ya siketi ya zidutswa zisanu ndi ziwiri pa mapepala wamba, ndawalumikiza ndi selotepi pa mkeka, ndipo Loweruka likubwerali mtsikana wathu wosewera ngati Mayi Ida adzabwera kudzayesa chovala choyeserera. Kumsana kwa bulauzi kudzakhala timabatani 12, ndipo mabowo ake ndidzawasoka pamanja.